Kampeni Yonyoza Nambala Seveni

Pasukulu yomwe ndinayambira ntchito ya uphunzitsi, kuseri kwa Nsaru, panali kabati imodzi yokha yokhala ndi loko. Munkakhala choko, marejisitala, ndi mabuku khumi ndi awiri amene anatizunguza mitu aphunzitsi. Mabukuwo anabwera m'katoni ya mabuku a thandizo ochokera kunja, pamodzi ndi ena ophunzitsa kulima zipatso zoti kuno sizimera n'komwe. A hedi atangoona zikuto zake, zinjoka za mapiko ndi anthu onyamula malupanga, analamula kuti ana asawaone, atsekeredwe m'kabati ya m'sitafurumu. Sanadziwe kuti ana ovuta anali ifeyo, a ndevu ndi mataye.

Sanali mabuku owerenga monga mabuku ena. Ndime iliyonse inali ndi nambala yake. Ukayamba ndime yoyamba, buku linkakuuza kuti mwini nkhani ndiwe, waima pamphambano, sankha. Ukafuna njira ya kumanja, pita ndime 88. Ukafuna ya kumanzere, pita ndime 203. Ukakumana ndi chilombo unkayenera kuponya dayisi kuti udziwe ngati wachipha kapena chakudya. Dayisi tinalibe, ndiye tinasema manambala m'mbali zisanu ndi imodzi za pensulo n'kumaigubuduza patebulo. Ana akamva phokosolo nthawi ya buleki ankaganiza kuti tikuchonga mayeso awo.

Woyamba kupita ndi buku kunyumba anali a depyute, bambo wamtali wodziwa zonse, woti ngakhale atasochera sangafunse njira. Anatenga Nambala Wani n'kuliwerenga kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza ngati silabasi. Lolemba anabwera atakwinya nkhope.

"Wolemba buku ili anali atamwa," anatero. "Munthu wafa apa, amulasa ndi mkondo. Ndime yotsatira yomweyo akugula nsapato pamsika. Kenaka wafanso. Ndawerenga imfa zake zosachepera makumi awiri, koma za manda sindinamve."

Ndinaseka mpaka kutsetsereka pabenchi. Sindinaseke mwaulemu ayi, ndinaseka mwamwano, pamaso pa aphunzitsi onse, kenaka n'kuwalongosolera kawerengedwe kake pang'onopang'ono, mmene timachitira ndi ana ongoyamba kumene sukulu. Masiku amenewo pakamwa panga pankathamanga kusiya mutu m'mbuyo. A depyute anangobweza bukulo m'kabati. Kuyambira tsiku limenelo chilichonse chomwe ndanena iwo ankatsutsa, ngakhale ndinene kuti kunja kukugwa mvula.

Inali nthawi ija matipate anali atangoyamba kumene, aliyense ataledzera ndi voti. Pasukulu pathu tinkavotera chilichonse: tsiku lotchetcha bwalo, wokagula shuga wa tiyi, ngakhale khoma lopachikapo wotchi yomwe sinkayenda. Ndiye mabukunso analowa m'ndale. Okonda masewerawa tinalipo asanu ndi awiri, ndipo tinadzitcha komiti, chifukwa anthu akuluakulu ogubuduza pensulo amafunika dzina laulemu. Wapampando anali a depyute, popeza makiyi a kabati ankasunga ndi iwo, komanso anali atawaphunzira mabukuwo mwaliuma mpaka kutiposa enafe. Kuseri kwa chitseko cha kabati tinalemba ndi choko mndandanda wa mabuku onse, labwino pamwamba, loipa pansi. Za pamwamba sitinkakangana kwenikweni. Nkhondo yonse inali pansi.

Nkhondoyo inali ndi chifukwa chake. Mnzathu wina atasamutsidwa ananyamula Nambala Leveni mwakachetechete, osatsanzika n'komwe. Komiti inakhala pansi n'kugamula kuti wosamuka aliyense azipatsidwa buku limodzi la chikumbutso kuti asabe, koma likhale lomwe lavoteredwa kuti ndi lofooka pa onse, otsala asadandaule. Tinasainira lamulolo patsamba la pakati la kope. Wolemba ake ndinali ine, ndipo ndinawonjezera pansi pake mawu angapo onena za akuba omwe sindingawabwereze pano.

Opikisana enieni a pansi anali odziwika. Nambala Folo linali la m'dambo. Unkayenda m'matope kuyambira ndime yoyamba mpaka yomaliza, kumenyana ndi achule aakulu ngati ng'ombe, ndipo mphotho yake pamapeto inali yakuti mfumu ya achule ikuthokoze. Mayi ophunzitsa Sitandade Wani, amene anali ndi dimba lawo kumtsinje, ndiwo ankadana nalo kwambiri.

"Ine matope ndili nawo kudimba," ankatero. "Eti ndikawafunenso m'buku la Chingerezi?"

Nambala Naini linali la zitseko, ndipo kuseri kwa chitseko chilichonse kunali imfa. Ukatsegula cha kumanja, denga lakugwera. Cha kumanzere, pansi patseguka. Ukaima osatsegula, kwabwera njuchi. Mnzathu wophunzitsa masamu anatha teremu yonse akujambula mapu ake papepala lalikulu, n'kupeza kuti njira yopulumukira ndi imodzi yokha, ndipo imafuna kuti pa ndime yachitatu ukhale utatola supuni. Supuni, anthu inu. Ndani amatola supuni akulowa m'nyumba ya mfiti? Koma wa masamuyo ankaliteteza ndi mtima wonse, ankati buku lovuta ndi lomwe limalemekeza wowerenga. Tonse tinkadziwa kuti akuteteza teremu yake yomwe anataya.

Nambala Thwelofu nalo linkasuzumira pansipo nthawi zina, chifukwa wolemba anali atatopa: njoka yomwe unapha m'buku loyamba inkabweranso itangovala chipewa. Koma linali lalifupi, ndiye tinkalikhululukira.

Lachisanu lililonse tikaweruka tinkatsala m'sitafurumu kukangana zimenezi. Anthu ankasintha mbali ngati aphungu. Munthu sabata ino walumbira kuti achule ndi manyazi a dziko, sabata yamawa waphedwa ndi denga kasanu, wabwera kudzati achule ndi abale athu. A hedi ankadutsa pazenera n'kupukusa mutu, ankati sikimu ya maphunziro itakhala ndi anthu oikangana chonchi ana onse akanapita kusekondale. Pamwamba pa mndandanda, chaka ndi chaka, pankakhala Nambala Wani, buku la mwana wa mfumu wa lupanga lonyezimira, amene aliyense wokumana naye ankamupatsa mphatso. Ine ndinkanyansidwa nalo. Ngakhale utagubuduza pensulo ukusinza, imfa zija anawerenga a depyute unkazilambalala n'kupambana basi, koma anzanga ankalikonda chifukwa munthu amakonda kuuzidwa kuti ndi ngwazi.

Nambala Seveni linkakhala pakati, malo a mwana wosavuta amene mphunzitsi amaiwala dzina lake. Munalibe lupanga. Mwini nkhani anali munthu wamba wotumidwa ndi mudzi wake, chilala chitavuta, kukatenga mbewu kudziko lakutali n'kubwera nayo mvula isanagwe. Zilombo zinalimo, afiti analimo, koma mdani wamkulu inali njala yako yomwe. Ukayenda pang'ono buku linkakufunsa ngati udyeko mbewu yomwe wanyamulayo kuti upeze mphamvu, kapena upirire. Anzanga ankati n'labwinobwino, kungoti n'lochedwa. Ankadziwa kuti chaka china ndinalibwereka miyezi inayi. Chifukwa chake sankachidziwa.

Bambo anga anali tenanti. Anachoka ku Phalombe ine ndili wakhanda, n'kuthera moyo wawo m'maesiteti a ku Namitete ndi ku Msundwe, kulima ndi kusoka fodya wa eni ake. Chifuwa chitawagwira ndinakawatenga kuti adzakhale nane kunyumba ya sukulu. Kusukuluko ndinkangoti madala akudwala. Za utenanti sindinkanena, chifukwa anzanga onse anali ana a eni nthaka a komweko, ndipo ndinkamva mmene ankawatchulira matenanti akamadutsa pamsewu ndi mitolo yawo pamutu. Ndinkachita manyazi ndi bambo anga, ndipo manyazi amenewo sindingamunamizire munthu wina.

Bambo sankadziwa kuwerenga. Masana ndikaweruka ndinkawapeza pamphasa pakhonde akuyang'ana msewu. Tsiku lina, posowa chocheza nawo, ndinayamba kuwawerengera Nambala Seveni, ine kumasulira m'Chichewa, iwo kusankha njira. Ndinkayesa atopa ndi ndime ziwiri. M'malo mwake anadzuka n'kutsamira khoma. Moyo wawo wonse kapitawo ndiye ankawauza pokalima, pokagona ndi tsiku lolandira chimanga, ndipo apa buku linali kuwafunsa kuti afuna apite kuti. Ankaganiza nthawi yaitali asanayankhe, ngati akuweruza mlandu. Koma funso la mbewu lokha sankaliganizira.

"Sitidya," ankatero. "Lemba kuti sitidya."

"Bambo, mphamvu zatsala ziwiri zokha. Tifera panjira."

"Gubuduza pensuloyo iwe. Usandiphunzitse njala."

Pamphambano iliyonse yomwe asankha ndinkaika kadontho ka pensulo m'mphepete mwa ndime, kuti mawa tidzadziwe momwe tinadzera. Tinafa kambirimbiri. Tikafa ankaseka mpaka chifuwa kuwatsamwitsa, akapuma n'kunena kuti tiyambirenso. Ulendo womaliza tinafika patali kuposa kale lonse, pamlatho wa zingwe, mudzi ukuonekera tsidya, mbewu ili yonse m'thumba. Pamlathopo panakhala nkhalamba yopempha mbewu yodzaza dzanja limodzi. Ukaipatsa, pita ndime yakuti. Ukaimana, pita ina. Bambo anayang'ana msewu mpaka nkhuku zinayamba kulowa.

"Ndiganize kaye," anatero. "Undifunse mawa."

Mawa lake tinawakweza pangolo kupita kuchipatala, ndipo sanabwerere ndi mapazi awo.

Maliro atatha ndinabweza bukulo m'kabati. Ndime ziwiri zija sindinazitsegule, ngakhale imodzi. Ndinkangoti tsiku lina ndidzakhala pansi ndekha ndiwasankhire. Zinadutsa zaka zitatu ndikunena zomwezo. Wina akalibwereka mtima unkakhala m'mwamba mpaka alibweze, koma pakamwa osatulutsa kanthu.

Kalata yondisamutsira ku Nambuma inabwera teremu yachitatu ili pakati. Ndinatsala ndi masabata asanu, ndipo ndinadziwa tsiku lomwelo kuti popanda buku limenelo sindichoka. Kuba sindikanatha, poti wotukwana akuba pakope paja ndinali ine, komanso makiyi anali m'thumba mwa a depyute. Kupempha kunkafuna kuti ndiime pamaso pa a depyute omwewo, ndiwauze za bambo anga ndi mphasa ya pakhonde, anzanga onse akumva. Lilime langa linkadziwa kunyoza, kupempha linali lisanaphunzire. Ndiye ndinaona njira ina yomwe ndinaiyesa nzeru zakuya: kulitsitsa Nambala Seveni kuchoka pakati mpaka pansi penipeni, kuti lamulo lomwe ndinalemba ndekha lindipatse bukulo m'manja.

Kampeni ndinayambira kwa mayi a Sitandade Wani, chifukwa akanena chinthu iwo chinkafika paliponse tsiku lisanathe.

"Mayi, kodi Nambala Seveni lija munaliwerenga bwinobwino? Munthu mwalimbana ndi ana tsiku lonse, mukuti mutsegule buku mupumeko, ilo likukuuzani za njala. Bola achule aja, amaseketsako."

"Koma inu si munalisunga miyezi inayi?"

"Ndinkaponderera chitseko kuti mphepo isamachimenyetse."

Anaseka mpaka kugwira m'mimba. Ine ndinaona kuti mawuwo agwira ntchito, ndiye ndinakawabwereza kwa enanso.

Wa masamu anali wosavuta. Ndinangomuuza kuti ndaganizira bwino, Nambala Naini ndi buku la anthu anzeru, ndipo nkhani ya supuni ija ndi phunziro lakuya lomwe enafe sitinalimvetse. Maso ake ananyowa. Kuyambira pomwepo anakhala mkulu wa kampeni yanga, osadziwa kuti akumugwirira ntchito yani. Ankalowa m'kalasi mwa anzathu pakati pa phunziro kukawanong'oneza kuti pansi pakufunika nkhope yatsopano. Andale enieni masiku amenewo ankagawa nsalu ndi zipewa, ine ndinkagawa mbatata yootcha nthawi ya buleki. Ndinatenganso sabata ya mayi aja yoyang'anira ana posesa, n'kumaima pafumbi m'mawa uliwonse ndikumwetulira ngati munthu wabwino.

Lachisanu lachitatu ndinaimirira m'sitafurumu ndi bukulo m'manja. Ndinawerenga mokweza ndime ina yomwe mwini nkhani amangokhala pansi pa mtengo kudikira dzuwa kuti lipendeke, n'kufunsa komiti ngati imeneyi ndi nkhani ya ngwazi kapena ya munthu wodikira basi pa Mpingu. Ndinati m'mabuku ena umapambana ufumu, m'buku ili umapambana thumba la chimanga. Ndinati ndi ganyu wosindikizidwa. Anthu anaseka, ndipo mnzathu wina amene ankakonda kumalizitsa nthabwala za anzake anaponya yake.

"Kunena zoona, limeneli ndi buku la matenanti."

Sitafurumu yonse inaphulika ndi chiseko. Inenso ndinaseka. Ndikulemba pano kuti ndinaseka nawo, mano onse pamtunda, chifukwa voti ya munthu ameneyo ndinkaifuna.

Chomwe sindinachiwerengere ndi a depyute. Popeza ine ndinali kunyoza Nambala Seveni, iwo anayenera kuliteteza, ndipo anapita nalo kunyumba sabata yathunthu kuti akapeze zonditsutsira. Lachisanu lomaliza tisanavote anaimirira, n'kuliika patebulo mosamala. Ndinkadikira kuti ayankhule zawo zija zodzikweza. Sanatero.

"Ndinalitenga kuti ndidzangotsutsa aphunzitsi awa," anatero akundiloza ndi chibwano, "sindibisa. Koma ndapeza kuti pa mabuku onsewa ndi lokhali lomwe likudziwa kumene tikukhala. Ndani wa ife sanaonepo mbewu itasungidwa padenga ana akulira njala? Achule ndi zitseko tingataye, sitidandaula. Ili tisataye."

Anatsegula bukulo n'kuliloza m'mphepete.

"Komanso muli timadontho ta pensulo umu. Wina ankaika chizindikiro momwe wadzera. Ndinatsatira njira yake yonse. Munthu ameneyu sanadye mbewu ngakhale kamodzi, anakafika pamlatho wa kumapeto, n'kusiyira pomwepo. Ndikanakonda kumudziwa, ndimufunse chomwe anasiyira."

Apo ndiye panali poyankhulira. Munthu anali atanditsegulira chitseko ndi manja ake, akundiyang'ana popanda chidani. Koma ndinaona nkhope za anzanga zikufewa, ndinaona mavoti anga akuthawa, ndipo lilime lija linadumpha lokha.

"Ndi ntchentche zimenezo, a depyute. Nazonso zaonetsa maganizo awo pa bukulo."

Chiseko chinabwerera, chachikulu kuposa poyamba. Wa masamu anamenya tebulo. A depyute anatseka bukulo n'kukhala pansi.

Tinavota Lolemba, mwachinsinsi monga mwa demokalase, timapepala m'bokosi la choko. A hedi tinawapempha kuti akhale oyang'anira chisankho, n'kuvomera akung'ung'udza. Nambala Naini linapeza voti imodzi, Nambala Folo imodzi, Nambala Seveni zisanu. Mayi a Sitandade Wani anafufuta mndandanda wakale kuseri kwa chitseko n'kulemba Seveni pansi penipeni, n'kudula mzere kawiri. Ndinapita kunyumba ndikuimba mluzu. Ndinayala ngakhale nsalu m'sutikesi, pamalo pomwe bukulo lidzagone.

Phwando londitsanzika linachitika masana a tsiku lotsekera sukulu, m'kalasi ya Sitandade Eyiti, madesiki atawakankhira m'mbali. Kunabwera aphunzitsi onse ndi makolo a m'komiti ya sukulu. Kunali thobwa m'ndowa, ndi mtedza wokazinga womwe mayi a Sitandade Wani anaugawa m'timapepala topiringa ngati fanulo, mmene amagulitsira pamsika. Ndinalandira kanga n'kumadya mosatekeseka a hedi akuyankhula zabwino zanga, zambiri mwa izo zomwe ndinkazimva koyamba.

Kenaka anaimirira a depyute ndi kaphukusi m'manja.

"Komiti ya mabuku inakumana Lachitatu inu kulibe," anatero, "poti wolandira mphatso sakhala pokambirana za mphatso yake. Anzanu anaona kuti si ulemu kupatsa munthu amene watumikira pano zaka zisanu ndi ziwiri buku lomwe iye mwini analitcha choponderera chitseko. Akuti mungakatinene ku Nambuma kuti ndife anthu ouma mtima. Ndiye tinavota, n'kusintha lamulo. Landirani labwino pa onse."

Anthu anaomba m'manja, amayi n'kululuta. Ndinamasula kaphukusiko. Mwana wa mfumu uja anandiyang'ana pachikuto, lupanga lake lili m'mwamba. Wa masamu anandigwira paphewa n'kunong'ona kuti ganizo limeneli linali lake, ndisavutike kumuthokoza.

"Nanga Seveni?" ndinafunsa.

"Mukudyeramo," anatero mayi a Sitandade Wani akuseka. "Tinati litipindulireko kamodzi. A depyute okha ndiwo anakana, koma tinawagonjetsa pa voti. Masamba otsala ndinayatsira mbaula yokazingira."

Ndinayang'ana kapepala kali m'manja mwanga. Ndinakhuthulira mtedza padesiki n'kukafunyulula. Kanali konona ndi mafuta, mchere utamatirira m'zilembo, ndipo m'mphepete mwa ndime imodzi munali kadontho ka pensulo.

Zomwe ndinachita pambuyo pake anthu a kumeneko mwina amazikambabe. Ndinayamba kuyenda desiki ndi desiki ndikutola timapepalato. Ndinalanda ka wa masamu asanamalize kudya. Ka a hedi ndinakachotsa m'manja mwawo osapepesa. Bambo wina wa m'komiti ya sukulu anali atapukutira kake m'milomo n'kukafinya, ndinakatola pansi pa mpando wake ndikukwawa ndi mawondo, nditavala jekete yanga ya paphwando. Poyamba anthu ankaseka, ankayesa ndi nthabwala yanga yomaliza. Kenaka anaona nkhope yanga n'kusiya. Tina tinali titatayidwa kale pazenera, mphepo ikutiuluza pabwalo, ndiye ndinatuluka panja.

Ndinatola tomwe ndinakwanitsa n'kumatiyala pasitepe, ndikuyang'ana manambala. Buku la masewera likang'ambika silikhalanso buku. Ndime iliyonse inkanditumiza kwina komwe kunalibe. Ziwiri zomwe ndinazisunga zaka zitatu osatsegula sizinali pamenepo, ndipo ndinadziwa kuti zinapita ndi mbaula. Wozitaya ndinali ine, ndi mbatata yanga yootcha ndi pakamwa panga.

Ndinamva mapazi kumbuyo. Anali a depyute. Anaima n'kumayang'ana timapepalato, kenaka n'kundiyang'ana ine.

"Timadontho tija tinali tanu?"

"Tinali ta bambo anga," ndinatero. "Anali tenanti. Sankadziwa kuwerenga, ndinkawawerengera ine pakhonde. Pamlatho paja anati ndiwafunse mawa."

Ndinkadikira kuti andibwezere chiseko changa chonse cha zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo akanatero sindikanawatsutsa.

"Aphunzitsi," anatero motsitsa mawu, "mukanangonena. Ndikanakutsegulirani kabati tsiku lomwelo."

Kenaka anapinda msana wawo wautali uja n'kuyamba kutola timapepala tomwe tinakodwa mu udzu.